Dokotala wa Mafizo pa Ulalo wa Agogo

Kuseri kwa Mkanda, m'boma la Mchinji, kuli midzi imene munthu akalondola mbuzi yosochera amangodzidzimuka akupatsidwa moni mu Zambia. M'mudzi wina wa kumeneko mudafika mnyamata pa kabaza mwezi wa June, atakumbatira mpando wa pulasitiki, m'khwapa atapanira ndodo yachitsulo yokhala ndi mphira kunsi kwake. Adali atangomaliza chaka chachitatu cha maphunziro a mafizo ku Kamuzu University of Health Sciences mu Blantyre, ndipo nzeru zidali zikumuyabwa thupi lonse.

Agogo ake aakazi adawapeza pamphasa, miyendo ili tambalale, akuthothola mtedza. Gogoyu adabadwa boma la Mchinji likutchedwabe Fort Manning. Zaka zawo amazidziwa ndi a chiphaso cha unzika okha, amene adalembapo 76.

"Amuna anga abwera!" adafuula, monga amachitira agogo achichewa akaona mdzukulu wamwamuna. Adapinda miyendo, kutsamiza dzanja limodzi pamphasa, nyamu! Mdzukuluyo asadatule n'komwe katundu, iwo adali atalanda kale ndodo ija n'kumaiyang'ana uku ndi uku. "Nanga iyi ndi yophera njoka?"

"Ndi yanu yoyendera, agogo. Mpandowu ndi woti muzikhalapo, musamavutikenso ndi mphasa. Amayi andiuza kuti mudagwa mwezi wa February."

"Amako ali ku Area 25, adandiona bwanji ndikugwa? Ndidaterereka. Mbuzi inkakoka chingwe, pansi pali matope. Ukadakhala iwe bwenzi pano mano ulibe."

"Kuterereka ndiye kugwa komweko. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa basi. Ambiri mwa iwo ndi a zaka zopitirira 60."

"Onsewo zimawakoka mbuzi?"

Mnyamatayo sankanama. Pa ngozi zonse zopha anthu, kugwa kumangoposedwa ndi ngozi zapamsewu zokha, ndipo pa imfa 100 zilizonse zotere, zoposa 80 zimachitika m'maiko osauka ndi opeza pang'ono ngati lathuli. Munthu wachikulire wa ku Mkanda akathyoka fupa la m'chiuno, ulendo wake umayamba ndi kusaka galimoto yopita pa boma, ndipo zikavuta amakathera ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, makilomita oposa 100 kuchokera pa bomapo. Ambiri amachira koma osayendanso ngati kale. Mantha a mdzukuluyu adali ndi mutu. Pamene adaphonya ndi pa mankhwala amene adabweretsa.

Atamwa thobwa, adatulutsa foni. "Tiyeni ndikuyeseni. Muime ndi mwendo umodzi masekondi 10. Phazi linalo muliike kuseri kwa katumba, manja m'mbali, maso kutsogolo."

"Pabwalo pano? Dzuwa likuswa mtengo? Nkhalamba ine kuima ndi mwendo umodzi pakati pa mudzi? Mawa udzamva kuti mvula ya chaka chatha ndidaimanga ndine."

Adaseka onse awiri, koma nthabwala imeneyi ili ndi minga. Okalamba ambiri m'dziko muno amenyedwa, ena kuphedwa kumene, powanamizira ufiti, ndipo aliyense wofuna kuphunzitsa okalamba masewero olimbitsa thupi kumudzi ayambe wadziwa zimenezi. Mayesowo adakachitikira kuseri kwa nkhokwe, mboni zake zili nkhuku.

Agogo adakwinya chitenje, n'kunyamula mwendo wamanzere. Amene akadayang'ana kumaso kwawo akadati palibe chikuchitika. Ntchito yonse idali pansi. Zala zakuphazi zidakanirira dothi, chala chachikulu chikukanikiza n'kumasula, kukanikiza n'kumasula. Mitsempha ya pa akakolo inkatukuka ndi kuphwa, bondo likunjenjemera pang'onopang'ono. Thupi likati lipendekere kumanja, phazi linkalibweza lisadapite patali. Foni idalira.

"Mwakwanitsa, agogo!"

"Ndapata chiyani?"

"Palibe. Ndi mayeso chabe."

"Sukulu yanu ndi youmira. Kuchinamwali munthu akavina bwino ankamusupa."

Mdzukulu adafotokoza kumene mayesowo adachokera. Mu 2022 madokotala a ku Brazil, motsogozedwa ndi Claudio Gil Araújo, adatulutsa zimene adapeza atayesa anthu 1,702 a zaka za pakati pa 51 ndi 75. Munthu mmodzi mwa asanu aliwonse adalephera kuima masekondi 10 amenewa, ndipo pa gulu la zaka 71 mpaka 75 olephera adaposa theka. Atawatsatira kwa zaka pafupifupi 7, adapeza kuti pa olephera 100 aliwonse, oposa 17 adali atamwalira, pamene pa okhoza 100 omwalira sadakwane 5.

"Ndiye wolephera azikauziratu akalipentala za bokosi?"

"Ayi, agogo. Kulephera sikupha munthu. Kumangosonyeza kuti m'thupi muli china chafooka: minofu, mitsempha, maso, kapena matenda ngati shuga. Tsopano bwerezani, koma mutsinzine."

Apa zinthu zidasintha. Maso atangotsekeka, agogo adayamba kupalasa mphepo ndi manja, ndipo masekondi atatu asadathe adagwira nkhokwe. Mdzukulu adavula jekete, n'kutsinzina, n'kuima nji mpaka agogo adatopa kumuyang'ana. Adatsitsa mwendo mwaulemu wonse, akumwetulira kumene munthu amamwetulira akapambana mlandu.

"Ndimapita ku jimu katatu pa sabata," adatero. "Ndimanyamula zitsulo zolemera kuposa inu."

"Mumazinyamula kupita nazo kuti?"

"Kulibe. Timazinyamula n'kuzibwezera pomwepo."

"Amakulipirani?"

"Timalipira ndife."

Agogo adakhala chete kanthawi, kenaka adapukusa mutu, n'kunena kuti fizi ya mwanayu idagulitsitsa ng'ombe ziwiri.

Koma funso lidawatsalira: chifukwa chiyani kutsinzina kokha kudawafooketsa miyendo, pamene maso sali kumapazi? Apa mdzukulu adapeza mpata umene ankaufuna. Kuti munthu aime osagwa, adatero, ubongo umamvera amithenga atatu. Woyamba ndi maso. Wachiwiri ndi mitsempha ya m'mapazi, m'akakolo, m'maondo ndi m'khosi, imene imanena pamene chiwalo chilichonse chili ngakhale munthu asakuchiona. Wachitatu ali m'kati mwenimweni mwa khutu. Uthenga wonsewu umakumana pa kachigawo ka ubongo ka kunkhongo, ndipo kameneko kamalamula minofu kuti ikoke apa, imasule apo, munthu asadaganize n'komwe. Ukalamba ukafika, mitsempha ya kumapazi ndi za m'khutu zimayamba ulesi, ndiye thupi limadalira kwambiri maso. Maso akatsekeka, kapena kunja kukada, otsala awiriwo amalemedwa.

"Khutu?" adatero agogo. "Khutu ndi lomvera miseche. Likudziwa chiyani za miyendo?"

"Mkati mwake muli timachubu titatu topindika, todzaza timadzi. Mutu ukatembenuka, timadzito timakankha titsitsi tating'ono, ubongo n'kudziwa kuti mwacheuka. Mulinso timiyala tosaoneka ndi maso, timene timanena kuti pansi ndi uku, kumwamba ndi uku. Mukatakasa madzi m'ndowa n'kuchotsa dzanja, madziwo amaima nthawi yomweyo?"

"Amazungulirabe."

"Ndi zimene zimachitika mwana akazungulirazungulira pabwalo n'kuima mwadzidzidzi. Iye waima, timadzi tisadaime. Khutu likuti tikuzungulira, maso akuti taima, miyendo n'kusowa womumvera. Chizungulire chimenecho."

Agogo adasiya kuthothola. "Nanga malemu agogo ako aamuna akamachokera ku kachasu, ankalumbira kuti iwo akuyenda bwinobwino, wapendekeka ndi msewu?"

"Ankanena zimene ankamva. Mowa umalowa mpaka m'khutu mkatimo n'kusokoneza muyeso, komanso umagonetsa kachigawo ka kunkhongo kaja."

"Ha! Zaka zonse zija ndinkalalatira bambo wa ana anga, pamene wopalamula ndi khutu."

Chosangalatsa n'chakuti amithenga amenewa amaphunzitsika. Mu 2013 akatswiri a ku Imperial College London adatenga atsikana ovina ballet ndi atsikana opalasa mabwato, n'kumawazunguza pampando m'chipinda chamdima. Onsewo adali anthu amphamvu, ochita masewero tsiku ndi tsiku. Koma mpando utaima, chizungulire cha ovina chinkatha msanga kuposa cha opalasa. Zaka zambiri za kuzungulira zidaphunzitsa ubongo wawo kusalabadira phokoso la m'khutu. Mdzukulu atanena izi, pakamwa padamuthamangira.

"N'chimodzimodzi ndi Makanja, agogo. Munthu amene amavina pa mitengo ija amayamba kuphunzira ali..."

"Iwe!" Agogo adacheukira kumpanda, mawu atatsitsa. "Munthu uti? Mitengo iti? Iwe sudamete, ndiye ukufuna a mfumu atilipitse mbuzi yomwe ija idandigwetsa? Makanja ndi chilombo. Za kudambwe saulula."

"Koma sayansi..."

"Sayansi ikamete kaye."

Tisiye pomwepo, popeza agogo aletsa. Koma chimene aliyense amaona pabwalo, kaya m'midzi ya Mchinji kaya ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa August, tikhoza kuchinena popanda kulipa mbuzi. Makanja, chilombo chachitali chija, sichiima malo amodzi. Ngakhale ng'oma zitapuma chimangopondaponda, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono. Miyendo yaitaliyo ilibe phazi lotambalala lokanirira dothi ngati la agogo, ndiye njira yokhayo yosagwera ndi kusuntha mwendo kuti uzikhala pansi pa thupi nthawi zonse. Wakabaza amene wasenza matumba a chimanga panjira ya ku Mwami amachita zomwezo ndi chiwongolero: njinga ikapendekera kumanja amakhotetsera kumanja pang'ono, matayala n'kubwerera pansi pa katundu. Pamene UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 inkaona mwambo wa Achewa a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique. Wa mafizo akaonera gule yemweyo amaona luso la miyendo limene ochita masewero ambiri sangalifike.

Nkhani idakhotera ku mpira, chifukwa agogo ndi wailesi yawo salekana. Masewero a ntchemberembaye amawatsata kuyambira kale, ndipo sadaiwale tsiku limene ma Queens adagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast mu 2018.

"Mwai Kumwenda uja," adatero mdzukulu, "chaka chomwecho adaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo, umene madokotala amati ACL, akusewerera timu ya Melbourne Vixens ku Australia. Mpira umenewu umadya maondo. Lamulo limati ukawakha mpira usayende nawo, ndiye munthu amalumpha ali pa liwiro, kutera, n'kuima pomwepo, nthawi zambiri ndi mwendo umodzi. Akachita opaleshoni, bondo limapola koma limakhala ngati laiwala pamene lili. Ife a mafizo timaliphunzitsanso: kuima ndi mwendo umodzi, kenaka pa chinthu chofewa, kenaka akuwakha mpira, kenaka kulumpha ndi kutera. Miyezi ndi miyezi. Mu 2020 Vixens idatenga chikho, ndipo pa ndime yomaliza wosewera bwino kuposa onse adali Mwai."

"Ndiye udamuchiza ndiwe?"

"Ayi, anzathu a ku Australia."

"Wati 'ife'. Ndimayesa udakwerako ndege osandiuza."

Mnyamatayo adapitiriza ngati sadamve. Ngakhale a mpira wamiyendo, adatero, ali ndi ndondomeko yotenthetsa thupi ya mphindi 20 yotchedwa FIFA 11+, ndipo mbali ina ndi kuima ndi mwendo umodzi mukuponyerana mpira, komanso kulumpha n'kutera bondo litapindika. Ataiyesa pa atsikana pafupifupi 1,900 ku Norway, zotsatira za mu 2008 zidasonyeza kuti kuvulala kudatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

"Kulumpha ndi mwendo umodzi m'mabokosi ojambula pansi?"

"Zina zimakhala choncho."

"Ameneyo ndi phada. Ndinkasewera ndisadamere mabere. Azungu amuika dzina la manambala, iwe n'kukalipira fizi."

Sadalakwe kwenikweni. Phada, jingo ndi fulaye amaphunzitsa mwana kutera, kuzinda ndi kutembenuka msanga, ndipo salira khobidi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa FIFA 11+ pamakhala wina woyang'anitsitsa kuti bondo lisagwere mkati potera, ndipo ndi pamenepo pamene mtsempha uja umadukira.

Dzuwa litapendeka agogo adati tomato wakudimba sadya nkhani, akufuna madzi. Adatenga nkhata ndi ndowa ziwiri. Ndodo yachitsulo adaisiya itatsamira nkhokwe.

Dimba lawo lili tsidya lina la kamtsinje, ndipo mlatho wake ndi ulalo wa mtengo umodzi wa bulugamu, woterera chifukwa cha mapazi a zaka zambiri. Agogo adatunga madzi, kuika nkhata, kukweza ndowa pabondo, kenaka pamutu. Adaponda ulalo opanda nsapato, mapazi atapingasa pang'ono, khosi lili chilili, maso ali tsidya. Chiuno ndicho chinkagwedezeka, mutu ayi. Madzi m'ndowa ankangonyezimira osatayika. Atafika tsidya adatembenuka thupi lonse pamodzi ndi ndowa.

"Bwerani, amuna anga. Muzikumbukira amithenga atatu aja."

Mdzukulu adakana nkhata, nati ndowa ainyamula kumanja ngati chitsulo cha ku jimu. Adakwera ulalo ndi nsapato zake zoyera zamasewero, zokhala ndi mphira wokhuthala. Ndowa idamukokera kumanja, iye adapendekera kumanzere, madzi adakhavukira kutsogolo. Adayang'ana pansi, n'kuona madzi a mumtsinje akuyenda, ndipo maso adamuuza kuti ulalo ndiwo ukuyenda. Pakati penipeni adavina kagule kamene sikadaonekepo m'Mchinji monse, kenaka phava!

Madziwo adali olekeza m'maondo. Chidavulala ndi ulemu wokha.

"Khutu!" adakuwa agogo, misozi ya chiseko ikutsika. "Musamunene mwanayu, anthuni, walakwa ndi khutu!"

Atakhala pa udzu kuti aume, mnyamatayo adayamba kudzifotokozera yekha mokweza, monga amachitira ophunzira akagwa. Mphira wokhuthala udatseka mapazi kuti asamve mtengo. Katundu wa mbali imodzi adasuntha kulemera kwa thupi. Madzi oyenda adanamiza maso. Koma chachikulu, adavomera, n'chakuti thupi limadziwa chokhacho chimene lazolowera. Ofufuza za masewero adaona kale kuti munthu akaphunzira kukhazikika pa chinthu china, luso limenelo silisamukira lonse ku chinthu chinanso. Wodziwa kuyenda pa chingwe sasanduka katswiri pa thabwa logwedera. Pansi pa jimu ndi posalala, sipagwedezeka, ndipo chitsulo sichikhavuka.

"Ndiye zitsulo zako n'zachabe?"

"Ayi. Mphamvu ya ntchafu ndi imene imagwira munthu akapunthwa. Koma mphamvu payokha sidziwa ulalo."

Za kusenza pamutu nazonso zidalowapo kale m'mabuku. Mu 1986 Geoffrey Maloiy wa ku University of Nairobi ndi anzake adayeza amayi achiLuo ndi achiKikuyu a ku Kenya. Adapeza kuti amayiwo ankasenza katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo popanda kuwononga mphamvu yoonjezera, ndipo ena ankafika pa magawo 70 mwa 100 a kulemera kwawo. Agogo atamva izi adawongola khosi monyadira.

"Ndiye ukawauze amako asiye kundiletsa."

"Dikirani. Ndowa iyi ndi ya malita 20, ndiye kuti makilogalamu 20. Inu simupitirira 55. Mwadutsa kale muyeso uja. Ndiponso ofufuza ena atayesa amayi achiXhosa ku South Africa adapeza kuti si onse amene amapepukidwa choncho, ndipo ambiri ankadandaula khosi. Lanu silipweteka?"

Agogo adathyola kaudzu n'kuyamba kutokosa m'mano. Panapita nthawi.

"Limapweteka madzulo," adatero. "Komanso usiku ndikamapita kuchimbudzi ndimayenda chogwira khoma. Diso lakumanzereli likuona utsi. Ndikadzuka msanga pamphasa dziko limachita mdima pang'ono. Usakawauze amako."

Apa ndi pamene fizi ya ng'ombe ziwiri idayamba kubweza. Mnyamatayo sadayambe ndi WHO kapena London. Adafunsa ngati mapazi amachita dzanzi, chifukwa shuga amapha mitsempha ya kumapazi mwakachetechete. Adafunsa za mankhwala amene akumwa, popeza ena a kuthamanga kwa magazi amachititsa chidima munthu akaimirira mofulumira. Adawatsegula chikope n'kuona kuyera kwa ng'ala, imene madokotala a maso amachotsa ndi opaleshoni yaifupi. Adawauza kuti akadzuka azikhala kaye tsonga, kuwerenga mpaka 10, kenaka n'kuimirira. Ndowa yaikulu isinthidwe ndi ya malita 10, maulendo awiri. Usiku tochi, ndipo mwala uli panjira ya kuchimbudzi uchoke lero lomwe.

"Palinso masewero ena," adatero. "Adawakonza ku University of Otago ku New Zealand, oti okalamba azichitira pakhomo, ndipo adachepetsa kugwa ndi pafupifupi magawo 35 mwa 100. Kuimirira ndi kukhala kangapo osagwira. Kuyenda chidendene chikugunda chala. Kuima ndi zala. Kuyenda cham'mbali. Kuyenda chafutambuyo."

"Chafutambuyo? Iwe wandikonzera chiwembu. Mwendo umodzi masana, chafutambuyo madzulo. Kwatsala n'kukwera lichero."

"Muzichitira m'nyumba, mutagwira khoma. WHO imati a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa minofu ndi zoletsa kudzandira masiku atatu kapena kuposerapo pa sabata."

"Atatu okha? Masiku anayi enawo nsima imadziphika yokha kwawoko?"

Pobwerera, mdzukulu adawoloka ulalo chokhala pansi, nsapato zili m'khosi. Atafika pakhomo adaona agogo akutsikira pamphasa, mwendo kupinda, thupi kutsika mwa phee, ndipo adakumbukira kuti madokotala omwe aja a ku Brazil adayesaponso anthu pafupifupi 2,000 pa chinthu chimenechi: kukhala pansi ndi kudzukapo osagwira paliponse. Amene ankafuna kugwira apa ndi apo ndi manja ndi maondo ankamwalira msanga kuposa odzuka mosavuta. Agogo ake amachita mayeso amenewa kuyambira mbandakucha, pamoto, pamtondo, pamphasa, kutchalitchi. Iye adakwera kabaza ulendo wonse uja kudzawalanda zimenezo.

"Mpandowu," adatero mokanda m'mutu, "muziusungira alendo."

"Ndidaganiza kale. Abusa akabwera azikhalapo, mimba yawo siilola mphasa. Ndodoyo isiye. Mvula ikayamba, panjira ya kuchitsime pamaterera."

"Ndiye mwavomera kuti mudagwa?"

"Ndavomera kuti pamaterera."

Mlandu wa awiriwa ulibe wopambana, koma ine ndikupendekera kwa agogo pang'ono, chifukwa cholakwa cha mdzukuluyu n'chofala pakati pa ife a m'tauni. Tikapeza ndalama timathamangira kugula sofa, kulemba wantchito, n'kulamula pa foni kuti amayi asagwirenso khasu, asapitenso kudimba, azingokhala. Timati tikuwapumitsa, koma minofu ya munthu wachikulire ikakhala osagwira ntchito imaphwa msanga, ndipo mantha a kugwa akalowa munthu amayenda pang'ono, miyendo n'kufookeratu. Nawonso a kumudzi asadzinamize kuti khasu ndi mtondo zimachiza zonse. Ng'ala siichoka ndi kusinja, ndipo shuga salabadira kuti munthu amawoloka ulalo.

Inu amene muli ndi kholo lokalamba, mukapita kumudzi musangofunsa ngati ufa ulipo. Aimitseni pafupi ndi khoma, inu muli pambali pawo, muone ngati angakwanitse masekondi 10 ndi mwendo umodzi. Afunseni ngati adagwapo chaka chino, ngati mapazi amachita dzanzi, ngati amamva chizungulire, ndipo musakhutire ndi yankho loyamba. Akalephera mayesowo, kapena akaulula kuti agwapo kawiri, pitani nawo kuchipatala akapimidwe maso, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Katundu wolemera muwachepetsere, koma kudimba, kuchitsime ndi kubwalo la chimtali muwasiye azipita ndi miyendo yawo.